Manja Ake Anali Ofunda

"Dzuka pachikwamapo," anatero amayi.

Tsabola sanadzuke. Anali atakhalira chikwama chimene amayi akewo analongedzamo matewera, mabotolo a mkaka ndi tizovala ta khanda, miyendo atapinda ngati munthu amene wapeza mpando m'basi ndipo satsika pafupi. Dzina la Tsabola anamupatsa anali mkulu wake wamkazi, yemwe anali atangoikidwa m'manda sabata yomweyo, kusiya khanda losakwana mwezi.

Panja amalume analiza hutala mpaka kutopa. Kenako analowa akugwedeza makiyi.

"Kodi tikunyamuka kapena kuli msonkhano?"

"Inu nyamukani, amalume. Mwana sakupita," anatero Tsabola.

"Unayamba liti kulamula m'nyumba za eni, iwe?"

"Tsiku lomwe inu munayamba kulongedza m'nyumba za eni."

Mwini nyumbayo, alamu ake a Tsabola, anali chiimire pazenera, khanda lili paphewa. Anali makaniko, munthu wosachulutsa mawu ngakhale pamasiku abwino. Chimwalirireni mkazi wawo, chilichonse chimene apongozi anganene ankangoti chabwino.

"Munthu amene analola kuti mwana wanga amuthire madzi mpaka kutupa sangandilerere mdzukulu," anatero amayi, maso ali kukhoma, osayang'ana mkamwini wawo. "Anachoka pano ali wofunda bwinobwino, akulankhula. Kufika kuchipatala, madiripi, thumba kutha, lina kukoloweka. Iwo ali pompo kumangogwedeza mutu. Mphete anachita kuidula pachala. Ndinaona ndi maso angawa."

"Chabwino, amayi," anatero alamu.

"Chabwino chiyani, alamu?" Tsabola anamenya chikwama ndi chikhatho. "Akukutengerani mwana inu mukuti chabwino? Ikanakhala sipanala yanu bwenzi mudzi wonse utamva."

Alamu anangosisita msana wa khanda.

"Dzulo ndinabwerera kuchipatala kuja," anatero Tsabola. "Mlonda anandibweza, ndinalowera kochapira. Ndinaima pakhomo la wodi mpaka adokotala aja atatuluka, ndinawauza kuti sindichoka mpaka andiuze chimene chinapha asisi m'mawu oti ine ndimve."

"Ndiye wabwerako uli dokotala?" anafunsa amalume.

"Ndabwerako ndi makutu awiri, amalume. Ndingakubwerekeni limodzi."

Osadzuka pachikwama, anatambasula mkono n'kugwira dzanja la amayi ake. Amayi anayesa kulikoka koma iye anakanirira.

"Lisiyeni lilendewere. Tangoyang'anani."

Pang'onopang'ono mitsempha ya kuseri kwa dzanjalo inadzaza, n'kutukumuka pansi pa khungu lamakwinya.

"Tsopano kwezani, kupitirira mutu."

Amayi anakweza, mwina chifukwa chongofuna kuti zithe. Mitsempha ija inaphwa, dzanja linasalala.

"Magazi apita kuti? Abwerera kumtima. Mtima umangokankha amene abwerera, amayi, ulibe ena osunga pambali. Asisi atachira, tizilombo tinalowa m'magazi kuchokera m'chiberekero. Thupi polimbana nato, mitsempha yonse inatayirira nthawi imodzi ngati lasitiki wa siketi yakale. Magazi anangogona m'menemo, m'miyendo, m'mimba, pakhungu, osabwerera. Mtima unkathamanga ngati wopenga koma ulibe chokankha. Mwaiwala namwino uja akufinyafinya pamkono osapeza kugunda?"

"Pampu ikamakoka mphepo imalira kwambiri," anatero alamu motsitsa, ngati akuuza zenera. "Koma situlutsa kanthu."

"Madzi aja ankafuna adzaze mitsempha yotayirirayo, kuti papezeke chobwerera kumtima. Koma mitsemphayo inali itayambanso kuchucha, madzi n'kumathawira m'minofu. Kutupa munaona kuja n'kumeneko. Madzi sanamuphe. Ankamulimbirana ndi imfa, koma tinafika nawo imfayo itagwira kale."

"Koma anali wofunda," anatero amayi. Mawu awo anali atachepa. "Manja ake anali ofunda."

"Anali magazi omwewo, atagona pakhungu. Adokotala akuti kufunda kumeneko kwanamiza anthu ambiri."

Tsabola akanatha kulekera pomwepo, ndipo anadziwa kuti munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma anaona amalume akuwerama kuti agwire chogwirira cha chikwama, mutu wake unatentha.

"M'mawa muja alamu anali atalizitsa kale galimoto. Asisi anali akunjenjemera, osakodza chigonereni, akusokoneza mayina a anthu. Ndani anawagwira manja n'kunena kuti kutentha kukutuluka, tiwasiye agone, tiona madzulo?"



"Iwe!" Amalume analoza ndi makiyi. "Amayi ako amenewa!"

"Ndikudziwa kuti ndi amayi anga. Sindikuti anamupha. Palibe amene anapha munthu m'nyumba muno. Koma ngati mukusaka woti mumulande mwana, musayambe ndi amene ankafuna kuthamanga naye kuchipatala. Chikwamachi munyamule ndi ine ndemwe. Ndikuuzeni, amalume, sindine wopepuka, ndipo ndikuwa msewu wonse."

Amalume anasiya chogwirira. Amayi anakhala pansi m'mphepete mwa bedi, dzanja lija lili pamiyendo, akuliyang'ana mmene mitsempha inkadzaziranso. Sanalire. Anali atalira kale sabata yonse, ndipo zimene anamvazi zinali zouma kwambiri kuti zitulutse misozi.

Khanda linaphiriphitha, kenako linatsegula kukamwa. Pashati ya alamu panaoneka banga lonyowa, likufalikira.

"Mwaona," anatero amayi, osakweza mutu. "Wanyowetsa mpaka malaya. Ndiye ndani amusinthe? Zala zomangira mabawuti zimenezo? Khanda si injini."

"Mlamu, ndipatseni thewera ndi kamalaya," anatero alamu.

Aka kanali koyamba chimwalirireni mkazi wawo kupempha kanthu. Tsabola anadzutsa mbali imodzi yokha, anatsegula zipi pang'ono, anasolola zimene dzanja linagwira, n'kukhalanso.

Alamu anagoneka khanda pabedi, pafupi ndi apongozi awo. Analipukuta, analikweza timiyendo ndi dzanja limodzi, analowetsa thewera. Kenako anafunyulula kamalaya kaja. Kanali kosokedwa pamanja, kansalu kofewa, koma kutsogolo kwake kunali mabatani akuluakulu, akuda, oyenera chovala cha munthu wamkulu.

Amayi anawerama. Anagwira batani limodzi ndi chala.

"Awa si a chikhoti chake chija?"

"Ndi omwewo, amayi."

"Chija anachisungira ndalama chaka chathunthu?"

"Mimba itakula ankandiphunzitsa pa chidole," anatero alamu, akulowetsa kamkono m'dzanja la malaya. "Timabatani tating'ono tinkandipulumuka. Anandiseka mpaka kutsamira khoma. M'mawa mwake ndinapeza wadula tonse, wasokerera awa. Akuti, bambo, mwanayu ndi wa tonse, sindikufuna kudzandidzutsa chifukwa cha batani."

Anamanga loyamba, lachiwiri, mpaka kukhosi, osaphonya bowo. Khanda linasiya kulira, n'kuyamba kuyamwa chibakera.

Amalume anakhosomola, anaika makiyi m'thumba, n'kutuluka kukaima pakhonde.

"Dzuka pachikwamapo," anatero amayi.

 Tsabola anadzuka, miyendo itachita dzanzi, koma sanapite patali.

Amayi anakokera chikwama pafupi n'kutsegula zipi yonse. Polongedza anali atangonyamula milu yopindapinda, osafunyulula. Tsopano anatulutsa kamalaya kamodzi, n'kukatambasula pamiyendo. Mabatani ofiirira, a jekete. Kena, obiriwira, a diresi la kuntchito. Kena, osafanana n'komwe, lililonse lochokera kwake, koma onse aakulu, onse osokedwa ndi ulusi wowirikiza kuti asathothoke.

Anakoka dirowa ya pansi, imene anaikhuthula okha m'mawa uja, ndipo anayamba kubwezeramo kamodzikamodzi, mabatani akuyang'ana kumwamba.