Madzi a Apulambala

Apulambala, mmisiri wa mapaipi a madzi, anakhala pabanja zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo ankaseka maluwa a akazi awo. Maluwa anji opanda tsamba? Anali akakitasi, zomera zaminga za kuchipululu, miphika makumi awiri ndi itatu yondandalika pakhonde la kuseri. Wina anali wozungulira ngati dzungu, minga yake yachikasu. Wina wamtali, wowongoka, wosaseka ndi munthu, mayiwo ankamutcha Ahedi. Panali waubweya woyera, dzina lake Aimvi, ndi tina ting'onoting'ono tothinana m'kapu yothyoka chogwirira, timene kamodzi pachaka tinkamasula maluwa ofiira n'kufota tsiku lomwelo. Bambowo ankati mkazi wanzeru amadzala tomato. Mayiwo ankangomwetulira, n'kupitiriza kuchotsa fumbi paminga ndi mswachi wakutha.

Mayi aja atamwalira, anthu a pamaliro atabalalika, nyumba inakula. Apulambala anazungulira zipinda zonse kufuna chinthu cha akazi awo chimene chinali chikadali ndi moyo, ndipo anachipeza pakhonde paja. Anagwira dothi la mumphika umodzi, lili gwa ngati njerwa. Mtima unawawawa. Mayi anagona m'chipatala milungu isanu, ndipo iwo sanaganizeko n'kamodzi komwe kuti pakhomo asiya zinthu zaludzu. Analumbira kuti palibe mphika ndi umodzi womwe umene ufe iwo ali moyo.

Tsono munthu amene moyo wake wonse wakhala akufikitsa madzi m'nyumba za eni sangathirire ndi kapu. Anatulutsa bokosi la zida, nalumikiza paipi yopyapyala kuchokera pampopi wa kubafa, naiboola timabowo, kabowo kalikonse pamwamba pa mphika wake. Inali ntchito ya mmisiri, yosadontha polumikiza paliponse. M'mawa uliwonse ankatsegula mpopi n'kukhala pampando kumvetsera madontho.

Milungu yoyambirira zomera zija zinanenepa, zikuchita kunyezimira. Pokhala analibe kopita, bambowo anayamba kuziyang'anitsitsa. Anaona kuti minga ya wozungulira uja simera chisawawa, imatuluka m'timagulu pamizere yowongoka ngati wina anachita kuyeza ndi tepi. Anaona kuti Ahedi akawombedwa ndi dzuwa la m'mawa amaoneka ngati owazidwa phulusa. Palibe ziwiri zimene zinali zofanana. Anachita manyazi ndi nthabwala zawo, ndipo manyaziwo anawachititsa kuwonjezera madzi.

Patatha miyezi iwiri kunabwera mwana wawo wamkazi, namwino wa kutauni ina. Mphuno ya namwino sinama. Asanaike n'chikwama chomwe pansi anafunsa chimene chinkanunkha kuseri. Bambo ake anamutsogolera monyadira kuti akaone paipi. Iye anagwada, nadina tsinde la Ahedi ndi chala, chala n'kulowa. Ahedi anapendekeka, nagwa khonde lonse phwa, m'kati muli phala lakuda. Anayesa Aimvi, chimodzimodzi. Anayesa miphika yonse mpaka wotsiriza. Kunja zinali zobiriwira, koma zonse zinali zitaolera kumizu.

Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangofotokoza motsitsa mawu kuti amayi ankathirira kamodzi pamwezi, theka la kapu, ndipo nyengo yozizira sankathirira n'komwe. Dothi louma lija silinali la kutayidwa, ndi mmene mwini wake ankalifunira.

"Simunkawaona, bambo?"

Ankawaona. Ankawaona atakhala pakhonde, msana wokha, iwo akudutsa ndi sipanala kupita kuntchito. Sanaimepo kuti afunse. Anakhala pansi pambali pa zoolazo nalira kuposa mmene analirira kumanda, chifukwa kumanda kuja mlandu sunali wawo.

Masana, pokonza m'nyumba, namwino anatsegula katani ya kuchipinda, mbali imene ankagona amayi ake. Katani imeneyo bambo sanaikhudze chichitikire maliro. Pawindo panali kamphika kamodzi, m'menemo kakitasi wamng'ono ngati dzira, wafumbi, wokwinyika pang'ono koma wolimba. Paipi sinafikeko. Anakapereka m'manja mwa bambo ake n'kuwauza kuti kameneka kakungofuna dzuwa basi, ndipo awalembera papepala masiku othirira. Bambowo anavomera ndi mutu, nakaika patebulo.

Nthawi yokakwera basi itakwana, bambowo anamupeza mwana wawo pakhomo akumanga nsapato. M'manja mwa bambowo munali kamphika kaja, atakakulunga bwinobwino m'nyuzipepala kuti minga isamubaye panjira.

"Katenge, mwana wanga."

"Ndi kanu, bambo. Katsala kokhaka."

"Ndikudziwa. Koma chikaikire patebulo paja ndagwira dothi lake katatu. Ukakasiya pano, mawa ndikathirira."