Chala cha Bambo pa Chikwangwani

Munthu wina wa chipani cholamula analowa m'shopu mwathu Lolemba m'mawa, thukuta lili kamukamu, tayi itamufinya pakhosi. Tinangomutcha Atayi. Ife timasindikiza zikwangwani, malaya ndi makadi a ukwati, ndipo wokhala pakompyuta ndine.

"Ngongole ya boma yakwera, anthu akunena ife," anatero Atayi. "Chonsecho anasaina ndi a boma lakale aja. Tikufuna chithunzi cha nduna yawo ikusaina, chooneka bwino, cholembera chili m'manja."

Abwana anasakasaka pa intaneti, n'kumangopeza zachimbuuzi zokhazokha. Atayi anayamba kunyamula chikwama chawo. Mwezi umenewo makina anali atangokhala, ndipo abwana anali atanena kale kuti wina wa ife aona msana wa njira. Ndiye pakamwa pangapa, posamva kutseka, panatseguka: "Kwathu chilipo."

Chinalipodi, pabalaza, pamwamba pa wailesi ya kanema. Bambo anga anagwira ntchito kuunduna wa zachuma mpaka kupuma. Sanali akuluakulu ayi. Pamwambo wosainirana, ntchito yawo inali kuima kumbuyo kwa nduna, kutsegula tsamba, n'kuloza posaina, poti nduna siifufuza mzere makamera akuyang'ana. Chala chawo cholozera n'chokhota, chinapanidwa ndi chitseko cha galimoto ali mnyamata. Kwathuko palibe wosachidziwa. N'chomwe amaimitsira basi, n'chomwe ankatiopsezera tikabwera mochedwa.

Bambo ndinawanamiza kuti ndikukasinthitsa galasi la chithunzicho. Anachipukuta okha ndi mkono wa malaya, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Pakompyuta ndinawachotsamo bwinobwino: mutu, phewa, jekete, zonse. Koma chala chinali chitagona papepala penipenipo, pafupi ndi nsonga ya cholembera. Ndisanachifufute, Atayi anasuzumira paphewa panga.

"Taimani, achemwali! Chimenecho chisiyeni. Chikuzeni, muchizungulize ndi mzere wofiira. Pansi mulembe kuti, 'Ankawalozera posaina ndani?' Anthu adziwe kuti panali ena obisala kumbuyo."

Ndikanatha kuyankhula. Ine amene ndimakalipira kondakitala akangondiponda phazi, tsiku limenelo ndinangoti ziii. Ndinadziuza kuti chala n'chala, angachizindikire ndani? Ndinachikuza. Abwana anandisisita pamsana, nkhani yochotsa anthu ija n'kuthera pomwepo.

Lachisanu ndinaperekeza Bambo kuchipatala kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Titangotsika basi, ndinachiona. Chikwangwani chathu chija anali atachikhoma moyang'anizana ndi geti, chala chachikulu ngati mkono wa munthu. Bambo anaima, anakweza mutu, anachiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Tiye, mzere utalika."

Mzerewo sunkayenda. Wapazenera anali atanena kuti mankhwala sanabwere, boma likubweza ngongole kaye. Basi mkangano unabuka. Dalaivala wina ankati anawononga dziko ndi akale aja. Mayi wina wogulitsa zovala ankati alipowa akongola ndalama zambiri kuposa pamenepo, angosiyana mtundu wa malaya. Ine ndinali kupempha mumtima kuti apitirize kukangana okhaokha.

Koma pabenchi panali telala wa mumsewu mwathu, wapakamwa ngati ine ndemwe. Anayang'ana dzanja la Bambo litagwira khadi, anayang'ana kunja kwa geti, n'kuseka.

"Aaa, achikulire! Kani obisala aja ndinu? Mwatchukatu!"

Anthu anaseka. Kenako kuseka kunatha, maso onse ali padzanja.

"Ine ndinkangoloza posaina," anatero Bambo chapansipansi.

"Kulozako ndiye kwatifikitsa pano!" anakuwa dalaivala uja. "Munadya nawo, lero mukudzalimbirana nafe mankhwala?"

Apa ndiye ndinalusa. Ndinamufunsa ngati munthu wodya ngongole ya dziko amavala nsapato zosokasoka, ndinamuuza zambiri zomwe sindingabwereze. Koma pokuwa ponsepo sindinanene chinthu chimodzi chokha chofunika: kuti mzere wofiirawo ndinajambula ndine. Nditacheuka, ndinaona Bambo akulowetsa dzanja m'thumba la jekete pang'onopang'ono.

Tinabwerera opanda mankhwala. Kunyumba Bambo anakhala pampando wawo, moyang'anizana ndi msomali wopanda kanthu, pomwe pankakhala chithunzi chija.

"Mwanawe," anandiitana, "mankhwalawa akusowadi chifukwa cha pepala lija?"

"Ayi, Bambo. Inu mukanapanda kuloza, nduna ikanasainabe. Ndiponso mapepala otere asainidwa ambirimbiri, akale ndi atsopano omwe."

Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sizinawalowe. Manyazi anandigwira. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, anditulutse m'nyumba, chilichonse.

"Pangodya pa chithunzi chija pali dontho la tiyi," anatero. "Anadonthezera malemu amayi ako tisanachiike m'galasi. Pachikwangwani paja ndaliona."

"Bambo, ndine ndinapanga. Ndinkaopa ntchito. Pepani."

"Ndadziwira pageti pomwe paja. Ntchitoyo ilipobe?"

"Ilipo."

"Chabwino. Galasi lija usavutike nalo."

Dzanja linali likadali m'thumba ngakhale tinali m'nyumba mwawomwawo, chitseko chotseka. Patapita nthawi anafuna magalasi awo owerengera, omwe anali patebulo.

"Tandipatsire awo," anatero Bambo, akuloza ndi chibwano.