Mpando Wamatabwa wa Kuseri kwa Matsache

A Makiyi, amene ankasesa ndi kutsegula holo ya khonsolo, ankalidziwa lamulo kuposa makhansala eni ake: pamsonkhano womva maganizo a anthu, woyankhula ndi yekhayo amene wapeza mpando. Mipando ikadzaza, chitseko chimatsekedwa. Inalipo mazana awiri, yapulasitiki, ndipo kumsana kwa uliwonse kunali dzina la kampani ya simenti imene inaipereka ngati mphatso. Mphatso! Nayo galimoto ya wapampando wa khonsolo ankati ndi mphatso.

Tsikulo makhansala ankafuna kuvomereza kuti fakitale ya kampaniyo ikule mpaka kumpanda wa sukulu. Mlongo wawo wa a Makiyi anatsimikiza mtima kukatsutsa. Mwana wake anali atatsokomola fumbi zaka ziwiri, chifuwa chikulira ngati chitseko chosowa mafuta.

"Achimwene, mphindi zitatu zokha," anawachonderera. "Angondimva basi."

A Makiyi sanabadwe dzulo. Ankadziwa kuti kampani ikafuna chinthu imatumiza mabasi m'mamawa, odzaza anthu olipidwa kuti adzakhale pamipando. Choncho anabisa kuseri kwa matsache mpando wakale wamatabwa, wokhawo umene khonsolo inagula yokha.

Mabasi anafikadi, anayi, ndipo holo inadzaza thothotho. Oyandikana ndi fakitale anatsala panja, akusuzumira pamawindo. A Makiyi analowetsa mlongo wawo kukhomo la kumbuyo n'kumukhazika pampando uja. Ntchito ikanawathera pomwepo, koma m'bale ndi m'bale.

Bwana wa tayi wochokera kukampani anaona zonse, n'kungomwetulira. Kumwetulirako n'kumene kunawaopsa a Makiyi.

Nthawi itakwana mayiyo anaimirira, pepala la kuchipatala lili m'manja. "Mwana wanga," anayamba. Bwana wa tayi anakweza chala, ndipo anthu mazana awiri anayamba kuwomba m'manja. Kuwombatu kwenikweni, kosapumira! A Makiyi ankangoona pakamwa pa mlongo wawo pakuyenda, mawu osamveka ngakhale amodzi. Kenaka pamzere wachitatu anaona munthu atatsitsa chipewa kumaso. Anali mlamu wawo, bambo a mwana wodwalayo, amene chaka chonse ankangoyenda ndi makalata ofunsira ntchito. Nayenso ankawomba, maso ali pansi.

Wapampando anayang'ana wotchi. "Zikomo mayi, nthawi yatha. Mwaona nokha mmene anthu akondwerera." Makhansala onse anakweza manja, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Makiyi ankakhoma chitseko, mlongo wawo ataima pambali, pamene mlamu uja anatulukira kuchokera kusitolo ya mankhwala, botolo lili m'manja. Anaima pamaso pa mkazi wake.

"Mayi a mwana, ndikanapanda kukhala ine pampando paja akanakhalapo wina. Mankhwala aja anatha Lachiwiri, mukudziwa."

Mumtima a Makiyi ankati: liswe, mlongo wanga, limenyetse pansi! Mayiyo analiyang'ana botololo nthawi yaitali. Kenaka analilandira, n'kulikulunga bwinobwino m'pepala la kuchipatala lija kuti lisasweke.

"Limeneli mwana satha nalo mwezi," anatero, mawu ali ozizira. "Mabasiwo akadzabweranso, mudzandilembetse nanenso."