Dziwe la ku Tenterbank ndi Ana a Kutsidya

Tsiku limenelo Keeley anabwera kuchokera kusukulu tsitsi lili gwa, louma. Ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino, chifukwa mwana wanga ameneyu masiku onse ankafika pakhomo akununkha mankhwala a m'dziwe losambiramo la pasukulu pawo, madzi akuyenderera m'khosi.

"Amama, dziwe lija atseka," anatero, n'kuponya chikwama pansi. "Makina otenthetsa madzi afa, denga nalo likudontha. Akhonsolo akuti ndalama zokonzera alibe. Likapanda kukonzedwa pofika Julaye wa chaka chamawa, alikwirira n'kusandutsa poimika magalimoto."

Ndinamva chisoni kwambiri. Keeley anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo anali atangosankhidwa kumene kuti azisambira m'timu ya chigawo chathu cha Yorkshire. Dziwe lina linali kutali, kumzinda, ulendo wa mabasi awiri m'mamawa kuli chisanu. Tonse tinkadziwa kuti zimenezo angapirire kwa kanthawi chabe, kenako kusambira kuja adzakusiya.

Mwamuna wanga Malcolm Sugden, amene amakonza mabasi, anamenya tebulo mpaka tiyi anatayika.

"Likwiriridwe ine ndili moyo? Lorraine, ndipatse jekete langa!"

"Upita kuti iwe, chakudya chili pamoto?"

"Kusukulu!"

"Khala pansi, kusukulu atseka kale. Msonkhano wa makolo uli Lachinayi."

Pamsonkhanopo ahedi athu a pa sekondale ya Tenterbank, Bambo Threlfall, anati njira ilipo imodzi. Masiku amenewo boma linkalola sukulu ya sekondale kupempha kuti ikhale yaukadaulo pa phunziro limodzi: ina sayansi, ina zinenero, ina nyimbo. Ife tikanapempha za masewera. Iwo anafotokoza kuti choyamba sukulu ipeze yokha mapaundi zikwi makumi asanu kuchokera kwa anthu ndi makampani akufuna kwabwino, ndipo opereka asayembekezere kubwezeredwa kanthu. Kenako ilembe dongosolo la zaka zinayi losonyeza mmene maphunziro onse akwerere, osati masewera okha. Boma likavomera, limapereka ndalama zomangira kapena kukonzera, ndi zinanso chaka chilichonse potengera kuchuluka kwa ana.

"Palinso gawo lina," anapitiriza ahedi, "lonena za sukulu zoyandikana nafe ndi anthu a m'dera…"

Koma apo n'kuti Malcolm ataimirira kale, akulonjeza kuti ndalamazo azipeza. Makolo anaomba m'manja n'kumusankha kukhala wapampando wa komiti yopeza ndalamazo. Za gawo linalo sanamve ndi pang'ono pomwe. Mwamuna wanga ndi wamtima wabwino, koma makutu ake amagwira ntchito mwa apo ndi apo.

Kunena zoona, ntchito anaigwira. Tinawotcha masoseji n'kumagulitsa pa mpira uliwonse wa ragibi. Ine ndinaphika mapayi, timikate tokhala ndi nyama m'kati, mpaka manja anachita matuza. Malcolm anagogoda pa kampani iliyonse m'tauni muno, ndipo anameta ndevu zake za zaka makumi awiri anthu atasonkha kuti aone chibwano chake. Anadinditsanso malaya olembedwa kuti DZIWE LATHU, ANA ATHU.

Vuto linabuka polemba pempho. Ahedi anati tiikemo sekondale ya Ings Lane kuti tizigwira nayo ntchito limodzi. Ings Lane ili kutsidya kwa ngalande imene imadula tauni yathu pakati, ndipo ife ndi a kutsidyako sitinamwerane madzi chiyambire nthawi ya agogo athu. Chifukwa chake ndi ragibi basi. Komanso wapampando wa bodi ya sukulu imeneyo anali Des Pickersgill, yemwe anathyola mphuno ya Malcolm pabwalo ali anyamata. Mphunoyo ndi yokhota mpaka lero.

"A Ings Lane asambe m'dziwe lathu?" anakalipa Malcolm. "Anagulako soseji ngakhale imodzi? Mukawalembamo, komiti yonse itula pansi udindo."

Ahedi anayesa kumufotokozera, koma makolo ambiri anali mbali ya Malcolm. Mapeto ake gawo lija anangolembapo mizere yochepa, yakuti anthu a m'dera ndi olandiridwa pa masiku a zionetsero. Pempho linapita mu Okutobala.

Yankho linabwera mu Januwale. Anatikana.

Madzulo amenewo Keeley sanadye. Anatulutsa zovala zake zosambirira m'chikwama, n'kuzipinda bwinobwino, n'kuziika pamwamba pa kabati.

"Ndatopa ndi mabasi aja, adadi," anatero mosakweza mawu. "Sabata ino ndagona m'kalasi kawiri. Ndingosiya."

Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinamulusira Malcolm ndithu, ngakhale pamaso pa mwana ndinaugwira mtima.

M'mawa mwake ndinaitana Parveen Akhtar, mnzanga wa khomo loyandikana nalo. Iye amagwira ntchito ku ofesi ya maphunziro kukhonsolo, ndipo anali atathandizapo sukulu zina kulemba mapempho otere. Anabwera ndi mbale ya masamusa, n'kukhala moyang'anizana ndi Malcolm.

"Bwanji simunandifunse, a Sugden? Khoma lokha ndi limene latilekanitsa."

"Ndalama tinapeza zonse," anang'ung'udza Malcolm. "Akufunanso chiyani anthu amenewa? Magazi?"

"Ndalama ndi chitseko chabe," anayankha Parveen. "Boma silipereka thandizoli kuti sukulu imodzi inenepe zinzake zikuonda. Pa ndalama za chaka ndi chaka zija, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu liyenera kugwira ntchito kunja kwa mpanda wanu: kumapulayimale okuzungulirani, kusekondale ina imodzi, ndi kwa anthu wamba a m'dera. Muyenera kutchula maina a sukuluzo, zimene mudzachitire limodzi, ndi mmene mudzadziwire kuti zikuyenda. Ndipo iwowo avomereze okha, osati inu kungowalembera."

"Pulayimale ndilibe nazo vuto. Sekondale tingapeze ina."

"Iti? Yapafupi ndi Ings Lane. Owerenga pempho aja mapu ali nawo. Akaona kuti mwadumpha sukulu yoti ili potuluka pakhomo panu, yopandanso dziwe, adzafunsa chifukwa. Mudzawauza za mphuno yanuyo?"

Ine ndinaseka mpaka kutsamwa ndi samusa.

"Safunsa anadya phula, Malcolm," ndinatero.

"Iwe Lorraine, uli mbali iti?"

"Mbali ya mwana amene wapinda zovala zake uja."

Parveen anatiuza kuti mwayi unalipobe. Mapempho ankalandiridwa kawiri pachaka, ndipo ulendo wina unali mu Malichi. Opereka ndalama aja akangovomera kuti malonjezo awo akadalipo, tikanatha kupemphanso, ndipo yankho likanafika Julaye asanakwane. Tikaphonya pamenepo ndiye kuti dziwe lapita.

Loweruka tinawoloka mlatho wa pangalande. Ndinapita nawo dala, poopa kuti Malcolm akapita yekha akabwerako mphuno itakhotera mbali inayo. Des tinamupeza kukalabu ya ragibi ya kwawoko akupanga mizere yoyera pabwalo. Ndi chimunthu chachikulu, chadazi.

"Ee, taonani alendo!" anafuula. "Sugden, wasochera? Kapena wabwera ndidzakuwongole mphuno ija?"

"Unachita kundibera tsiku lija, Pickersgill. Lifale amene ankaimbira mpirawo anali msuweni wako."

"Malcolm," ndinamugwira mkono, "nena chimene tabwerera."

Ananena, ngakhale mawu ankatuluka movuta ngati akumuzula dzino. Des anamvetsera, n'kuika chitini cha penti pansi.

"Malaya ako aja ndinawaona," anatero. "Dziwe lathu, ana athu. Nanga athuwa ndi ana a ndani? Ukudziwa kumene amasambira kukatentha? M'ngalande umo, mmene muli matayala ndi mabotolo osweka. Chaka chatha kamtsikana ka fomu yoyamba kanatsala pang'ono kumira pafupi ndi mlatho mwadutsawo. Ndinali pomwepo. Ndinakakoka ndi ndodo ya mbedza ya munthu wina, chifukwa ine kusambira sindidziwa. Ndodoyo ikanafupika pang'ono, bwenzi ndikungoonerera mwana akupita."

Malcolm anayang'ana pansi. Ine pakamwa panga sipasunga kanthu.

"Uyunso sadziwa," ndinatero.

"Lorraine!"

"Ndikunama? Zaka zonsezi kunyanja umangoviika akakolo n'kumati ukulondera zikwama."

Des anaseka mpaka kugwira mawondo. "Wapampando wa dziwe! Wameta ndevu chifukwa cha madzi oti sungalowemo!"

"Nawenso ukanamira m'bafa, chimutu chako," anayankha Malcolm, koma nayenso anali akuseka. Kenako anasiya kuseka. "Des, ndikufuna mwana wanga asasiye kusambira. Ndipo kamtsikana kajanso kaphunzire. Tithandizane."

"Ukanabwera chaka chatha, bwenzi pano tikusambira," anatero Des, n'kumupatsa dzanja.

Masabata otsatirawo ahedi a sukulu ziwirizi anakhala pansi pamodzi ndi a mapulayimale, Parveen akuwaunikira. Ulendo uno palibe amene analembera mnzake. Anayamba ndi kufunsa aliyense chimene akusowa. A Ings Lane anapempha masiku awiri pasabata m'dziwe, iwo n'kulonjeza kuti ana athu azigwiritsa ntchito bwalo lawo, lomwe ndi labwino kuposa lathu, ngakhale Malcolm savomereza. Mapulayimale anapempha kuti mwana aliyense azidziwa kusambira asanapite kusekondale. Amayi a kumzikiti wa kwa Parveen anapempha nthawi yawoyawo ya amayi okhaokha. Anaikamonso maphunziro a akuluakulu osadziwa kusambira. Malcolm anabwerera yekha kwa onse amene analonjeza ndalama kukawauza kuti dziwe lidzakhala la tauni yonse. Mmodzi yekha ndiye ananyinyirika, koma kampani ina ya kutsidya inatseka dzenjelo.

Pempho linapita mu Malichi. Keeley anatsitsa zovala zija pakabati, n'kuyambanso kukwera mabasi ake awiri.

Kumapeto kwa Juni ahedi anaimba foni tili pa chakudya chamadzulo. Malcolm anamvetsera, n'kuika foni pansi, n'kupita kukhitchini kukatsegula mpope kuti tisamve kuti akulira. Tinamumva ndithu. Pempho linali litavomerezedwa.

Dziwe linatsegulidwa denga lili latsopano, madzi ali ofunda. Keeley sanasiye kusambira, ndipo chaka chimenecho anafika pampikisano wa chigawo chonse cha kumpoto. Masiku ena amathandiza mphunzitsi wa zosambira. Kamtsikana kaja ka m'ngalande, dzina lake Shannon, tsopano kamadutsa dziwe lonse osapuma.

Kwa makolo ndi akomiti amene sukulu yanu ikufuna kupempha thandizo lotere, mawu anga ndi awa. Mvetserani zofunika zonse mpaka kumapeto, musathamangire ndalama zokha. Funsani amene anayendapo njirayo. Pitani kwa anansi anu musanalembe chilichonse, ngakhale amene simumwerana nawo madzi, ndipo muwafunse chimene akusowa. Thandizo la boma ndi la ana onse a m'dera, ndipo sukulu yofuna kudya yokha imabwerako chimanjamanja. Kupatsa n'kuika.

Lachitatu lililonse ndimakhala pabenchi m'mbali mwa dziwe, tiyi ali m'manja. Kumbali yosaya kumaima madoda awiri, wina wadazi, wina wamphuno yokhota, atagwiritsitsa m'mphepete n'kumatukanizana za lifale wa zaka makumi atatu zapitazo. Sabata yatha Keeley anaima m'madzi patsogolo pa bambo ake, n'kutambasula manja.

"Siyani khomalo, adadi. Ndakugwirani."

Malcolm anasiya khoma.