Swichi ya a Gerishon

Kaundula wamkulu wa odwala amakhala mu kompyuta ya ku Boma. Pachipatala china chaching'ono cha kumapiri a Neno panali kompyuta yachiwiri, imene inkakopera zonse za ku Bomako kuti ntchito isaime netiweki ikachoka. Koma inkatsalira m'mbuyo. Lolemba adokotala a ku Boma anasinthira mayi Dorica mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo pofika Lachinayi kompyuta ya kuno inali isanamve. Anamwino anawapatsa akale omwe aja, mayiyo nakagwa ndi chizungulire kumunda.

A Gerishon, amene anakalambira pachipatalapo akusesa ndi kutseka zitseko, anadziwa kuti tsopano pafunika munthu womuloza chala. Zikatere, chala sichiloza wa tayi.

Lachisanu kunabwera Stelia, mtsikana wokonza makompyuta, pa njinga yamoto. Anagwira nthambo iliyonse, anaimba foni ku Boma kawiri, kenako anauza anamwino kuti palibe chimene chafa. Masana netiweki imachepa mphamvu ndipo kompyuta imakopera pang'onopang'ono. Imayenera kumaliza zotsalazo anthu akaweruka, koma tsiku lililonse ikangokwana faifi imakhala chete mpaka m'mawa. Anati mwina kabokosi ka netiweki ka pakhoma kali ndi vuto, akapempha kena, ngakhale kuti kangatenge miyezi kuti kafike.

A Gerishon anali pakhomo ndi tsache. Kalekale, sola itangoikidwa, anamwino ena amene anasamuka anawalamula kuti poweruka azizimitsa chilichonse kupatula firiji ya katemera, kuopa kutha batire. Sanaphonyepo tsiku. Anthu a kabokosi aja atabwera anakakhoma, anamwa tiyi, napita osawauza kanthu. A Gerishon akanatha kungokhala chete, ntchito yawo ikanatsala. Koma miyezi imeneyo wina akanagwanso m'munda.

"Mayi, kabokosiko sikanafe," anatero. "Ndimazimitsa ndine."

Stelia anawatembenukira. Anafunsa amene anawatuma, iwo nafotokoza zonse, mawu ali gwa. Mtsikanayo anati kuyambira lero swichiyo isakhudzidwe.

"Nanga batire ikatha, katemera n'kuwonongeka, mudzalemba dzina la ndani?"

"Agogo, kabokosika kamadya moto wochepa kuposa babu limodzi. Zikavuta, ndidzalemba langa."

A Gerishon sanakhulupirire. Anthu a sukulu amalonjeza bwino akakhala pafupi ndi njinga yawo. Choncho Stelia atamaliza kulemba lipoti lopita ku Boma, a Gerishon anapempha kuliona. Anakhala pa benchi ya odwala, nayendetsa chala mzere ndi mzere, pomwe Chingerezi chawakanika akufunsa. Linanena kuti oika kabokosi sanasiye malangizo kwa ogwira ntchito. Analiwerenganso kachiwiri kuyambira pamwamba. Dzina lawo munalibe.