Penti Pamwamba pa Chinyezi

Mayiyo anatsika pa njinga yamoto dzuwa lili paliwombo, chikwama chimodzi m'manja, ndipo sanafunse njira kwa munthu. Anakankha chipata ndi phazi pamalo penipeni pomwe chimakakamira, nadzaima pakhonde.

"Odi."

Rita anasuzumira. Chilowereni m'nyumba ya Gideon Daka kuno ku Petauke, panalibe wachibale wa mwamunayo ngakhale mmodzi amene anabwera kudzamuona. Gideon, wogula thonje amene masiku ambiri ankakhalira ku Ndake, ankangoti, "Adzabwela, iwe konza chabe nyumba." Rita anakonzadi. Ankalota tsiku limene abale a Gideon adzalowe pabalaza, nkuona ntchito ya manja ake, nkumutcha mkazi wa pakhomo, osatinso kamtsikana kaja ka ku Kaumbwe. Tsopano nayu mayi wa mphumi yolimba, wosatchula chimene wadzera. Ameneyu ndi mlongo wamkulu wa Gideon, Rita anatero mumtima, wabwera mwachinsinsi kudzandiyesa.

Mlendo safunsidwa dzina asanamwe madzi. Rita anagwada.

"Lowani, amai."

Mayiyo analowa chammbali, atakoka mimba, chifukwa sofa inali itadya theka la khomo. Inali sofa yofiira, yotupa ngati ng'ombe yofera m'dambo.

"Mpando uyu unalowa bwanji muno?"

"Tinachotsa chitseko, amai."

"Chitseko munabwezela. Njila ndiye munaiwala." Anakhala pansi, pulasitiki yokutira sofa nkulira. Kunja kunkatentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa mango. "Nanga pulasitiki iyi?"

"Kuti mpando usade."

"Ndiye kuti mwini nyumba ni mpando. Ife tabwela kudzaulonda. Mwana wanga, munthu asanagule mpando amapima chipinda na chingwe. Chingwe sichinama. Wogulitsa ndiye anama."

Rita anamwetulira, nathamangira madzi ku filiji, yomwe inaima pafupi ndi wailesi yakanema itavala kansalu koluka, maluwa a pulasitiki ali pamutu ngati mkwatibwi. Mlendoyo anamwa pang'onopang'ono, maso akuyendayenda. Anayang'ana babu loyaka masana, kenako makatani okhuthala, amtundu wa chiwindi, otsika mpaka kusesa pansi.

"Pali malilo?"

"Iyai, amai."

"Nanga dzuwa linakulakwilani chiyani?"

Anadzuka yekha nakoka katani. Kuwala kunalowa, ndipo fumbi lonse lomwe linkabisala pa maluwa, pa tinsalu toluka, pa mbale za m'kabati zomwe munthu anali asanadyerepo, linaonekera poyera. Makalendala a zaka zingapo anali ndandanda pakhoma, ya chaka chino ndiye panalibe. Pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, panalendewera chithunzi.

"Awo ali na angelo kumwamba ni ndani?"

"Ndine na aGideon."

Mayiyo anapendeka khosi, nayang'ana nthawi yaitali. "Ananenepa," anatero. "Chithunzi chimakhomedwa pomwe diso lifika. Ichi achiona abuluzi okha."

Nkhope ya Rita inatentha, koma mumtima ankavina. Ankadziwa mmene nkhani zotere zimathera. Mlamu wolusa poyamba ndiye amadzakukumbatira pomaliza, misozi ili mbwembwembwe, nkukuvula chitenje chakale nkukuveka chake. Anangoyenera kupirira.

"Sunthani kabati iyi."

Anakankhira limodzi, mbale zikugundana mano. Kumbuyo kwake khoma lomwe Rita anapaka yekha penti yobiriwira yonyezimira linali litatupa matuza. Mayiyo analowetsa chikhadabo nasenda. Penti inachoka ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pake panali nkhungu yakuda, ndi kabasi kojambulidwa ndi dzanja la mwana, ka magudumu osalingana.

"Khoma ili lilila mvula iliyonse. Lata la pakona lili na chiboo. Munapala musanapake?"

"AGideon anati nipake chabe pamwamba, zakale zisaoneke."

"Ee. Ndiye mmene achitila zinthu." Anapukuta chala pa chitenje. "Uyamba watseka chiboo, khoma liume, upale zakale mpaka zithe, ndiye upake. Ukalumpha, zakale zibwela zokha."

"Kabasi ako anajambula ana a anthu a lendi," Rita anafulumira kunena, kuopa kuti angamuyese wauve. "Anatelo aGideon."

"Anatelo?"

Mayiyo anasisita kabasiko ndi chala chachikulu, mofatsa. Kenako anatola chikwama chake. Rita anayesa kuti akutsazika, nayamba kukonza mawu okoma oti amuperekeze nawo. Koma mlendoyo sanalowere kukhomo. Anadutsa pakati pa sofa ndi tebulo, nakaima pa chitseko cha kuchipinda. Chitsekocho chinali ndi khalidwe lake, sichinkatseguka munthu asanachinyamule pang'ono. Mayiyo anachinyamula ndi bondo osayang'ana nkomwe, nalowa.

Rita anauma pomwe anaima. Kwawo ku Kaumbwe, kuno ku Petauke, kulikonse komwe iye ankadziwa, mlongo salowa kuchipinda kwa mlongo wake. Azakhali salowa. Apongozi ndiye angalole kugona panja. Nthano yonse yomwe anailuka chifikireni mlendoyo inayamba kumasuka ulusi umodziumodzi.

Anayenda monyang'ama mpaka pakhomo. Mayiyo anali ataika chikwama pabedi, akuyang'ana mapilo opangidwa ngati mitima omwe anadzaza bedi lonse, ndi kalilole wamkulu woyang'anizana nalo.

"Mumagona pati, popeza mapilo anatenga malo? Ndipo bedi munaliika pansi pa windo. Mwezi wa chisanu muzakhosomola nonse."

"Amai," Rita anatero, "pepani. Muno simulowa abale."

"N'zoona."

"Nanga inu..."

"Ninapita ku Lusaka kukadwazika amai anga. Matenda anatalika, ana ninatenga. Amai anatisiya, dzulo ndiye tinachotsa msasa wa malilo kumudzi, nati nikaone nyumba." Anachotsa pilo mmodzi nakhala pabedi, navula nsapato ngati munthu wofika. "Poloti iyi ananipatsa amalume. Njelwa anaumba alongo anga. Gideon analowa muno na kachola ka zovala, monga mkamwini aliyense. Sanakuuzeni?"

Rita anagwira chitseko. Anaganiza za manja ake otupa ndi penti, za makatani omwe anasoka maso akuwawa, za abale omwe sankabwera. Tsopano anamvetsa chifukwa chake amayi oyandikana nawo ankayamikira sofa yake akuyang'anana.

"Sofa mutenge," mayiyo anapitiriza, mopanda ukali. "Muitane anyamata achotsenso chitseko. Maluwa, mapilo, makatani, zonse. Ngati mufuna, na wa pachithunzi uja mutenge, ngakhale uyo sinikulangizani. Ni wonyezimila pamwamba chabe."

"Ndinu ndani, amai?"

Mayiyo anatambasula miyendo, nayang'ana Rita kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pafupifupi momumvera chisoni.

"Wa kutchalitchi, wa mphete. Jennipher. Jennipher Daka."