Batani Lofiira ndi Apongozi a Simon

Ine ndine Pilato Namathanga, ndipo ngati dzinali ndi lachilendo kwa inu ndiye kuti simunakwerepo minibasi ya ku Muloza. Ndinachoka kuno nditavala patapata, m'thumba muli sipanala yobwereka. Ndinakalumikiza mapaipi ku Tete, ndinawotcherera matanki ku Nacala, ndinagwira ntchito pamalo a gasi kumpoto kwa Mozambiki kumene dzuwa limakazinga dzira pa helemeti. Ngakhale kwa Aluya ndinafikako, ndipo mpaka lero amandifunsa pafoni kuti ndibwerera liti. Sukulu ndinalekezera folomu 2, koma ndege zimene ndakwera ine zimaposa makabaza amene aphunzitsi anga onse anakwerapo.

Nditabwerera kwathu ndinapeza phiri la Mulanje likumetedwa chifukwa cha makala. Ndinati ayi, Pilato ali moyo izi sizingapitirire. Ndinamanga depoti yodzazira gasi wophikira m'masilinda, m'mbali mwa msewu wa ku Muloza. Thanki yoyera mbee, shedi ya malata obiriwira ngati munda wa tiyi, mpanda wa waya wowongoka bwino. Akabaza ankachepetsa liwiro kuti aone, ndipo osintha ndalama a paboda anali atanditcha kale Shefe wa Gasi, kunena kuti bwana m'Chipwitikizi.

Pulani ya depotiyo inajambulidwa ndi kampani ya ku Blantyre imene inkafuna kumandigulitsa gasi. Lamulo lawo linali lakuti asanatsitse gasi woyamba, antchito anga ayeserere ngozi pamaso pa injiniya wawo. Injiniyayo anali Christobel, mtsikana wa ku Ndirande, wamfupi, wa nsapato zachitsulo kumapazi ndi maso osaseka.

Antchito ndinasankha ndekha. Kapitawo anali Simon, mnyamata wodekha amene anaphunzira za magetsi. Pa sikelo yoyamba yodzazira ndinaikapo mayi Agatha. Mayi amenewa anathyola tiyi kuyambira ali mtsikana, ndipo silinda yodzadza amainyamula ngati dengu la masamba. Ndinachita kukawatenga ku esiteti. Anasiya ntchito, anabweza makiyi a nyumba ya kampani, nabwera ndi katundu wawo pamutu chifukwa ndinawauza kuti kwa Pilato munthu sachotsedwa ngati galu. Mwana wawo wamkazi ndiye anakwatiwa ndi Simon. Zimenezo aliyense ankazidziwa, monga mmene aliyense amadziwira kumene kuli phiri.

Tsiku lotsegulira kunagwa chiperoni. Galimoto ya gasi inali itaima kale kunja kwa geti, dalaivala akusenda chinanazi. Mu tenti munali abusa, kwaya ya amayi, ndi akabaza amene anamva kuti kuli fanta. Ine ndinavala suti yanga ya ku Dubai.

Christobel anati tiyambe ndi kuyeserera. Anaonetsa onse batani lofiira lotsekera gasi, limene linali kumapeto kwa kanjira kopapatiza, pakati pa khoma la njerwa ndi mpanda. Kenaka anauza aliyense kuti apite pamalo pake. Simon analowa m'kanjirako kukayang'ana geji ya thanki monga mwa ntchito yake. Mwadzidzidzi Christobel analiza wenzulo.

"Mayi Agatha! Paipi yanu yaphulika! Gasi akutuluka!"

Mayi aja analiyatsa liwiro. Ndikunena pano, ndaona amuna a ku Philippines akuthamanga pangozi, koma palibe amene akanawapeza mayi Agatha tsiku limenelo. Anafika pakhomo pa kanjira kaja, nakumana maso ndi maso ndi Simon akutuluka.

Mayiwo anaima njo. Anabwerera chafutambuyo, natembenukira kumpanda, nanyonyomala manja ali pamaondo. Simon naye anabwerera m'mbuyo, navula helemeti, nayang'ana khoma. Uyu akudikira uyo adutse, uyo akudikira uyu. Wenzulo ikulira, awiriwo ali zii, wina wapenya waya, wina wapenya njerwa.

Mu tenti munabuka phwete. Wakabaza wina anakuwa: "Asiyeni! Gasi adikire, apongozi akupatsana ulemu!"

Christobel sanaseke. Anandiitanira pambali, koma mawu ake ankamveka mpaka ku geti.

"Bambo Namathanga, kodi chachitika n'chiyani?"

"Mwaona nokha, mayi injiniya. Munthu ndi mkamwini wake sapanikizana panjira. Kuno ena timasungabe zimenezo."

"Akanakhala gasi weniweni, bwenzi pano tikutola zidutswa za kwaya yanu kutsidya kwa boda ku Milange. Apongozi a mchimwene wanga amakhala naye pampando umodzi n'kumakangana za mpira. Zimenezi ndi zakale."

"Ku Ndirande ndi zakale. Kuno ndi za m'mawa uno."

"Asiyanitseni mashifiti."

"Shifiti ndi imodzi, mayi. Gasi sitidzaza usiku."

"Ndiye mmodzi achoke. Kapitawo ali ndi satifiketi, sangachoke. Achotseni mayiwo pompano, muike wina pasikelopo, tibwereze. Zikayenda, galimoto ilowa ndipo abusa adula riboni."

Mayi Agatha anali atamva zonse. Anadzuka, nayamba kuvula magolovesi pang'onopang'ono.

"Shefe, musavutike chifukwa cha ine. Ndapalamula ndekha. Miyendo inangokana."

"Valani magolovesiwo, mayi."

"Alendo akudikira, Shefe."

"Ndati valani! Kodi ku esiteti mubwererako mukagona m'tchire la tiyi? M'nyumba muja munalowa kale ena."

Ndinatembenukira kwa Christobel. Magazi anali atandikwera, ndipo ine magazi akandikwera ndimayankhula bwino kuposa loya.

"Mayi injiniya, pulani iyi munaijambulira ndani? Munaijambulira munthu wopanda apongozi, wopanda malume, wopanda manyazi, munthu wogwa kumwamba ndi helemeti kumutu. Munthu wotero ku Mulanje kulibe. Ndikachotsa aliyense amene ali ndi mpongozi wake pano ndilemba ntchito ayani, anyani a ku phiri la Chambe? Lero ndichotse mayi awa, mawa mlonda wanga akwatire mwana wa mayi wa pasikelo yachiwiri, ndichotsenso? Kumpoto kwa Mozambiki, tisanamange chilichonse, tinkakhoma chifanizo chake ndi matabwa. Tinkaitana munthu wamfupi kuposa onse, tim'veke magolovesi, tim'uze kuti atseke valavu. Akalephera kufikira sitinkam'koka miyendo kuti atalike. Tinkatsitsa valavu. Kwa Aluya zitseko zonse zothawira zinkatsegukira kunja, chifukwa munthu wamantha sakoka chitseko, amakankha. Munthu akachita mantha amachita chimene chili m'mafupa mwake. Mayi awa chawo mwachiona."

"Aphunzitseni, asiye."

"Pamene akhala akuchita zimenezi chikwatiwire mwana wawo? Mukhoza kuwaphunzitsa, n'kukhoza mayeso anu mawa, chifukwa akudziwa kuti mukuwayang'ana. Nanga tsiku la moto weniweni, mutu utasokonezeka? Ine sindifuna depoti yodalira kuti munthu aiwale mmene analeredwera."

"Mukudziwa chimene mukupempha? Mukufuna tisinthe depotiyi ndi mawaya ake omwe. Mawaya a pamalo a gasi si a nyumba ya lendi. Pulani ibwerere ku ofesi, ivomerezedwenso. Galimoto iyi ikabwerera lero, akuluakulu anga akakuikani kumapeto kwa mzere. Mwina osakuyang'ananinso."

"Akandiike. Ndinaimapo kumapeto kwa mizere italiitali kuposa umenewo."

Ndinavula jekete, ndinatenga hamala yaikulu ya amisiri, ndinalunjika pakhoma lija kuti ndiboole njira yachiwiri anthu onse akuona. Ndisanaikweze, Christobel anali ataima kale pakati pa ine ndi njerwa, manja m'chiuno.

"Menyani muone. Khoma ili ndi lotchinga moto kuti usafike pathanki. Mukalibowola, ngakhale apongozi onse a m'Malawi atapsompsonana, sindidzasaina."

Ndinatsitsa hamala. Khoma lotchinga moto ndimalidziwa bwino, ndamanga ambiri. Ndinkafuna kungoona ngati mtsikanayo ankalidziwanso, ndipo anakhoza.

Ndinapita ku tenti ndili ndi hamala m'manja.

"Abusa, amayi a kwaya, ndi inu akabaza obwera osaitanidwa! Lero sititsegula. Depoti iyi ili ndi chilema, ndipo chilemacho si mayi Agatha. Idyani mpunga, imwani fanta, riboni tiisunge. A dalaivala, malizani chinanazi chanu mubwerere ku Blantyre, mukawauze kuti Pilato wati gasi wawo amusunge kaye."

Wosintha ndalama wina anakuwa: "Shefe waphwa mpweya asanadzaze ndi silinda imodzi yomwe!"

"Iwe, ndakhala ndikudzaza matanki iwe ukuyamwa! Udzabwera pano ndi kasilinda kako, ndipo adzakudzazire ndi mayi omwewa."

Galimoto inatembenuka, n'kupita. Sindinama, pamene inkazimiririka m'chifunga ndinatsala pang'ono kuithamangira. Koma nkhope ndinaiumitsa gwa.

Christobel sanakwere nawo. Anatsala, natulutsa tepi yoyezera, nayamba kuzungulira shedi akudandaula chamumtima. Kenaka anandiitana.

"Kanjirako tikhoza kukakulitsa posuntha mpanda, khoma osalikhudza. Koma kukula kokha sikukwanira. Mayiwa adzaimabe akamuona. Batani lina lifunika pafupi ndi sikelo."

"Limodzi ayi. Awiri."

"Awiri a chiyani?"

Ndinaitana mayi Agatha ndi Simon. Ndinauza mayiwo aime pasikelo yawo, Simon adzere kumanja. Mayi aja anatembenukira kumanzere, nkhope kuloza nsanamira ya shedi. Ndinati Simon adzere kumanzere. Anatembenukira kumanja, kuloza nsanamira inayo. Ndinatenga choko n'kulemba mtanda pa nsanamira zonse ziwiri, pansi ndithu, pamene dzanja la munthu wonyonyomala lingafike.

"Mwaona, mayi injiniya? Akamapewa mkamwini, maso awo azigwera pa batani. Ulemu womwewo uziwapititsa pamene tikufuna."

Christobel anayeza mitanda ija ndi tepi yake. "Pansi chonchi silinda idzaligunda."

"Tiikira kachitsulo kotchinga m'mbali."

"Ku ofesi akandiseka ndikakalemba chifukwa chake."

"Kalembeni kuti mwamva kwa katswiri wochokera kunja. Si bodza."

Masabata otsatirawo anali owawa. Ku Blantyre pulani inkangochoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo. Wamkulu wina wa kampaniyo anandiimbira foni kundifunsa ngati ndikufuna kugulitsa gasi kapena kuyendetsa chinamwali. Ndinamuyankha m'Chipwitikizi kuti asamve zonse. Pamsika wa Limbuli ankati m'thanki ya Pilato muli madzi a mvula. Mayi Agatha ankabwerabe m'mawa uliwonse, kusesa pamalo poyera kale. Kawiri konse anandipempha kuti ndiwalole apite, akayambe geni ya kalongonda. Kawiri konse ndinawauza kuti geti imeneyo adzatulukira pa penshoni.

Pomaliza pulani inavomerezedwa. Amisiri anasuntha mpanda, anakoka mawaya m'mapaipi achitsulo, anamangirira mabatani awiri ofiira pa nsanamira. Christobel anabweranso, galimoto ya gasi ili pambuyo pake. Ulendo uno kunalibe tenti kapena kwaya, koma akabaza anadzazabe kumpanda ngati kuli mpira.

"Bambo Namathanga, lero ndiyesa mwanjira yanga. Inu mukhale chete."

"Ine kukhala chete? Chabwino, ndiyesetsa."

Anadikira mpaka mayi Agatha atatanganidwa ndi kukweza silinda yopanda kanthu pasikelo. Kenaka ananong'oneza Simon, nam'tuma kuti akaime chotsamira nsanamira ya kumanja, thupi lake litaphimbiratu batani, pafupi ndi apongozi ake kuposa mmene anaimirapo chikwatire. Mnyamatayo anapita ngati akupita kokanyongedwa. Wenzulo inalira.

"Mayi Agatha! Gasi!"

Mayi aja anadzidzimuka, natembenukira kumanja kumene anazolowera kuthamangira. Anaona Simon. Thupi linachita zake zomwe zija: phazi kumbuyo, msana kwa mkamwini, maondo pansi. Batani la pa nsanamira ya kumanzere linali pamphuno pawo. Analimenya ndi chikhatho chonse ngati akupha udzudzu, ndipo kuthanki valavu inatseka, khu!

Kumpanda kunali mabelu a njinga okhaokha. Mayi Agatha anakhalabe chonyonyomala, dzanja lili pabatani, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo sindinawafunse.

Christobel anabwereza mbali inayo, zinayendanso. Anayesa wa pasikelo yachiwiri, anayesa mlonda. Kenaka anaika wenzulo m'thumba, nakodola dalaivala kuti alowe.

Pamene geti inkatsegulidwa anandiyandikira.

"Bambo Namathanga, mayiwa ali ndi ana aakazi angati?"

"Atatu. Onse ali pabanja."

"Chonde, akamwini enawo musawalembe ntchito. Nsanamira zatha."

"Akakhala akhama ndiwalemba, mayi injiniya. Nsanamira ndidzazika zina, inu muzingobweretsa mabatani."

Ndinamusiya akupukusa mutu, ndinathamangira kukalozera dalaivala pobwerera m'mbuyo, chifukwa galimoto yaikulu chotero kuno palibe wina amene amadziwa kuiimika bwino kuposa ine.